Kufesa ndi kulera mitengo kumadera ouma: kuyambira pa njere mpaka mbande ipirire chilimwe choyamba

Chaka chilichonse boma limatsegulira nyengo yobzala mitengo pa 15 Disembala n'kudzaitseka pa 15 Epulo. Kwa munthu wa ku Mulanje kapena ku Nkhata Bay, komwe mvula imachedwa kusiya, miyezi inayi yonseyo ndi yake. Koma ngati mumakhala ku Ngabu, ku Bangula, ku Phalula, ku Lisungwi kapena m'mbali mwa nyanja ku Salima ndi ku Mangochi, nthawi yanu yeniyeni ndi masabata ochepa oyambirira. Kuchigwa cha Shire mvula ya chaka chonse kawirikawiri imakhala pakati pa mamilimita 600 ndi 800, imayamba kuthawa mu Malichi, ndipo pofika Okutobala ndi Novembala kutentha kumadutsa madigiri 40. Mbande yobzalidwa kumapeto kwa Febuluwale pamalo otere imakhala itaweruzidwa kale, ngakhale pa tsiku lobzala panali nyimbo ndi magule.

Kumalo ouma mtengo umapulumuka chifukwa cha muzu, osati chifukwa cha kutalika kapena kubiriwira kwa masamba. Ntchito yonse imene ndikufotokoza pano, kuyambira kutola njere, cholinga chake n'chimodzi: muzu ukhale utatsika pansi, pomwe chinyontho chimakhalitsa, mvula isanasiye.

Gawo 1: Dziwani chimene chimagonetsa njere

Tengani njere ya nsangu, ya mlambe kapena ya mthethe, muiike m'kapu ya madzi. Mawa mukaiona mudzaipeza ili gwa, monga munaisiyira. Khungu lake silolola madzi kulowa. Si vuto ayi, ndi njira imene mtengo umatetezera mbeu yake. Njere zonse zikanamera pa mvula ya chizimalupsa, imene imagwa tsiku limodzi kenaka dzuwa n'kubwerera kwa masabata atatu, zonse zikanapserera limodzi. Khungu lolimbali limachititsa kuti zina zimere chaka chino, zina chaka chamawa, zina patapita zaka zingapo.

Kutchire khunguli limafewa pang'onopang'ono: kutentha kwa masana ndi kuzizira kwa usiku zimaling'amba, mchenga umalikhula, chiswe chimalikukuta, moto wodutsa mofulumira umaliwaula. Njira yodziwika kwambiri ndi ya m'mimba mwa nyama. Ng'ombe, mbuzi ndi njovu zimadya makoko a nsangu, ndipo njere zina zimatuluka zamoyo, zitafewako, zili kale m'ndowe. N'chifukwa chake mumaona timitengo ta nsangu tikumera pamene panali khola.

Inu mukang'amba khungulo nokha, dziwani kuti mwachotsa chitetezo cha njereyo. Ikangomwa madzi n'kutupa, singabwererenso kukagona. Ikauma pamenepo, yafa. Choncho musadzutse njere musanakonze madzi, dothi ndi malo.

Gawo 2: Sankhani mtengo poyang'ana zimene zikumera kale

Musanapemphe mbeu kwa aliyense, yendani m'dera lanu mu Okutobala, nthawi imene dziko lauma kotheratu, muone mitengo ikuluikulu imene yaima popanda woithirira. Imeneyo ndiyo mwauzidwa kale kuti ingakhale.

Ya m'munda, nsangu ndiye woyamba. Ukakula umayoyola masamba nthawi ya dzinja, motero suphimba chimanga kapena mapira, ndipo masambawo amasanduka manyowa. M'chilimwe umabiriwira, n'kupereka mthunzi ndi makoko a ziweto. Ya zipatso pali bwemba, masau, mlambe ndi mfula. Ya pakhomo pali nimu wa mthunzi ndi cham'mwamba wa ndiwo. Ya nkhuni ndi milimo pali kesha, mthethe ndi mtangatanga. Pa dothi lolimba la dongo, monga la ku Liwonde ndi madera ena a chigwa cha Shire, tsanya amakhala pomwe mitengo yambiri yalephera, ngakhale amakula mochedwa.

Mbawa ndi wa m'mbali mwa mitsinje, musamuike pamtetete. Paini ndi wa kumapiri ozizira. Bulugama pamalo otentha ndi ouma amafooka msanga, ndipo akafooka chiswe chimamumaliza.

Gawo 3: Tolani mbeu ndi kuisunga bwino

Tolani kuchokera ku mitengo yambiri yathanzi, yotalikirana, osati ku mtengo umodzi wa pakhomo. Mitengo 10 kapena kuposerapo ndi poyambira pabwino. Ngati ndi ya zipatso, lawani kaye. Masau ena ndi okoma, ena ndi owawasa zedi, ndipo ngakhale mwana wa mtengo safanana ndi make nthawi zonse, kuyambira pa wokoma n'kwanzeru.

Makoko a nsangu amapsa m'chilimwe, cha mu Ogasiti mpaka Okutobala. Yalani mphasa kapena chiguduli pansi n'kugwedeza nthambi ndi mtengo wautali. Amene agona pansi nthawi yaitali ambiri amakhala atafumbwa. Yanikani makokowo, muwasinje pang'onopang'ono mumtondo, mupete ndi lichero. Mukatero yang'anitsitsani njere zili m'manja. Yabwino imakhala yosalala, yonyezimira, yofiirira. Yofumbwa imakhala ndi kabowo kozungulira bwino, kakang'ono, ndipo mukaifinya imaphwanyika n'kutulutsa ufa. Mukathira zonse m'beseni la madzi, zambiri zofumbwa ndi zopanda kanthu zimayandama. Tayani zimenezo, zomira muziyanike msanga pamthunzi.

Njere za khungu lolimba zimasungika zaka zingapo zikakhala zouma bwino. Ziikeni m'botolo lotseka, mutasakaniza ndi phulusa losefa, pamalo ozizira, osati pafupi ndi moto kapena pansi penipeni pa malata. Lembani dzina la mtengo ndi mwezi umene munatola.

Koma pali zina zosasungika. Nimu amafa msanga: chotsani mnofu wachikasu tsiku lomwelo, tsukani, yanikani pamthunzi masiku ochepa, ndipo mufese pasanathe masabata awiri kapena atatu. Mbawa nayenso sachedwa kutha mphamvu. Tsanya mufese m'chaka chomwe mwatola. Ngati mbeu ina kwanuko kulibe, funsani mlangizi wa zankhalango. Malo osungira ndi kugulitsa mbeu za mitengo a dziko lino ali ku Zomba, ku Forestry Research Institute of Malawi.

Gawo 4: Dzutsani njere molingana ndi mtundu wake

Apa ndi pamene anthu ambiri amataya mbeu, chifukwa amachita njira imodzi pa mitengo yonse.

Kudula khungu ndi njira yodalirika kwambiri pa nsangu, mtangatanga, mthethe, bwemba ndi msambamfumu. Gwiritsani ntchito chowengera zikhadabo, tupa, kapena mungokhula njereyo pa mwala wokhakhala kapena pa simenti. Choyamba pezani kachipsera pamene njere inalumikizana ndi khoko lake. Pafupi ndi pamenepo ndi pomwe pamatulukira muzu, choncho musadule mbali imeneyo. Tembenuzani, mudule kumapeto kwinako, kachidutswa kakang'ono kwambiri, mpaka muone kuyera kwa m'kati. Mukangoona kuyerako, basi. Mukalowa kwambiri mwavulaza chakudya cha mmera ndipo njere iwola. Ntchitoyi ndi yotopetsa maso, ichiteni masana, muli pansi pa mtengo, anthu awiri kapena atatu. Msambamfumu ali ndi kachipewa kofiira pamwamba pa njere yakuda. Kachotseni musanadule.

Mukadula, mutha kufesa pomwepo m'dothi lonyowa, kapena kuviika m'madzi ozizira usiku umodzi. M'mawa njere zimene zalandira madzi zimakhala zitatupa pafupifupi kuwirikiza kawiri, zitafewa, mtundu utayererako. Fesani zimenezo tsiku lomwelo. Zimene zidakali zolimba zidulidwenso. Musapitirire maola 24 zili m'madzi, zimayamba kununkha ndi kuwola.

Madzi otentha amathandiza pamene njere ndi zambiri kapena zazing'ono zovuta kugwira, monga za kesha. Wiritsani madzi, muphule, mudikire kuti asiye kubwadamuka, kenaka muthire pa njere. Madzi achuluke kasanu kuposa njerezo. Zisiyeni momwemo madzi azizire okha mpaka m'mawa. Musaphike njere pamoto. Ndipo musathire madzi otentha pa njere zimene mwadula kale, chifukwa kutenthako kulowa m'kati n'kupha mmera.

Mlambe khungu lake ndi lokhuthala kwambiri. Tsukani ufa wonse, kenaka khulani ndi tupa kumsana kwa njere mpaka khungu lipyapyale, muviike tsiku limodzi. Madzi otentha amagwiranso ntchito koma zimamera mosiyanasiyana, zina patatha masabata angapo. Dziwaninso kuti mlambe waung'ono sufanana ndi waukulu. Masamba ake oyamba amakhala amodziamodzi, osati a zala zisanu, ndipo anthu ambiri amauzula polima poyesa ndi chitsamba wamba.

Masau ali ndi nthanga yolimba, m'kati mwake muli njere imodzi kapena ziwiri. Mukafesa nthanga yonse mudikira mwezi kapena kuposerapo. Kuti zifulumire, iimikeni pa mwala, muimenye pang'ono ndi kamwala kapena hamala mpaka ing'ambike, mutulutse njerezo. Zina ziphwanyika, choncho tolani zochuluka. Mfula nawo uli ndi nthanga, koma pamwamba pake pali timaso tiwiri kapena titatu totsekedwa ndi tizivindikiro. Nthanga ikauma bwino, tomolani tizivindikiroto ndi nsonga ya mpeni kapena msomali. Kumbukirani kuti mfula ulipo waumuna ndi waukazi, ndipo wobereka ndi waukazi wokha, choncho bzalani ingapo pamodzi.

Nimu, cham'mwamba, gilisidiya ndi tsanya safuna kudulidwa kapena madzi otentha. Tsanya mungomuchotsa m'khoko lake lophwatalala. Njere yake ndi yamakwinya, yomata utomoni wonunkhira, ndipo imamera m'masiku ochepa ikapeza chinyontho.

Musanadzaze machubu mazanamazana, yesani mbeu yanu. Konzani njere 20 monga tafotokozera, muzikulunge m'kansalu konyowa, muike pamthunzi, muziwaza madzi tsiku lililonse. Pakatha masabata awiri werengani zomera. Zikamera 15 kapena kuposa, mbeu ndi yabwino. Zikamera zosakwana 10, muzifesa zitatu pa chubu kapena mufune mbeu ina nthawi ikadalipo.

Gawo 5: Nazale yolera mizu

Werengani chobwerera m'mbuyo kuchokera tsiku lobzala. Ngati mukufuna kubzala pakati pa Disembala ndi kumayambiriro kwa Januwale, mitengo yochedwa monga bwemba, masau, mlambe ndi mfula ifesedwe mu Ogasiti kapena Seputembala. Kesha, mthethe ndi mtangatanga mu Seputembala mpaka Okutobala. Nsangu ndi cham'mwamba kumapeto kwa Okutobala kapena kumayambiriro kwa Novembala, chifukwa nsangu safunika kukhalitsa m'chubu. Masabata 6 mpaka 8 amukwanira.

Nazale ikhale pafupi ndi madzi odalirika mpaka nthawi yobzala, yotchingidwa ndi mpanda woti mbuzi ndi nkhuku zisalowe. Sakanizani ndowa ziwiri za dothi lapamwamba lachonde, imodzi ya mchenga, imodzi ya manyowa owolerana bwino. Ngati n'kotheka tapaniko dothi pansi pa mtengo waukulu wa mtundu womwewo, makamaka nsangu ndi mthethe, chifukwa muli tizilombo tosaoneka ndi maso tothandiza mizu kupanga chonde. Finyani dothilo m'manja lili lonyowa pang'ono. Likagwirana koma n'kumwazika mukalikhudza ndi chala, lili bwino. Likamata ngati loumbira, onjezani mchenga.

Kumalo ouma machubu aatali ndi opyapyala amaposa aafupi ndi aakulu. Mapepala a shuga kapena a mkaka amagwira ntchito mukawadula pansi. Dzazani, gwedezani kuti dothi likhazikike, muthirire tsiku limodzi musanafese. Kuya kwa njere kukhale pafupifupi kuwirikiza kawiri kunenepa kwake: sentimita imodzi ndi theka pa nsangu, masentimita 3 pa mlambe. Fesani ziwiri, zikamera zonse mudule yofooka ndi lumo. Osaizula, mungasokoneze muzu wa inzake. Phimbani ndi udzu wopyapyala, muuchotse mmera ukangoyamba kusuzumira. Nsangu wodulidwa bwino amamera pasanathe sabata kapena kupitirira pang'ono.

Thirirani m'mawa ndi madzulo ndi kheni ya timabowo ting'onoting'ono. Mukaona mbande zikugwa, tsinde litada ndi kuwola pomwe lakhudza dothi, ndiye kuti madzi achuluka ndipo mthunzi wanyanya. Chepetsani madzi, patulani udzu wa pa shedi yopereka mthunzi pa nazale. Tsanya ndi mlambe ndiwo amafa kwambiri ndi vutoli.

Tsopano nkhani ya muzu, imene ndikuona kuti ndiyo yaikulu kuposa zonse. Mitengo ya kumalo ouma imayamba ndi kutsitsa muzu umodzi waukulu. Nsangu wa masabata atatu akhoza kukhala ndi timasamba tochepa pamwamba, muzu utafika kale pansi pa chubu. Chubu chikakhala chotseka, muzuwo umazungulira pansi ngati nkhata, ndipo mtengo wotere ngakhale muubzale m'dzenje labwino chotani, muzu wake sudzawongokanso. Umakula zaka ziwiri kapena zitatu, kenaka n'kuuma pa chilala choyamba kapena kugwa ndi mphepo. Chubu chikakhala chotsegula pansi chili padothi, muzu umalowa m'nthaka, ndipo tsiku lonyamula mumaudula mwankhanza.

Njira ndi ziwiri. Pa mitengo yambiri, nyamulani chubu chilichonse kamodzi pa sabata kapena pa masabata awiri, mudule mizu yotulukira pansi ndi mpeni wakuthwa, kenaka muthirire. Pa nsangu, amene sakonda kudulidwa muzu pafupipafupi, mangani thandala la nsungwi kapena bango lofika m'chiuno, la mipata, muikepo machubu otsegula pansi. Muzu ukatulukira n'kukumana ndi mphepo, nsonga yake imauma yokha, osapindika, ndipo ukafika m'munda umapitiriza kutsika. Pathandala dothi limauma msanga, choncho musadumphitse kuthirira.

Gawo 6: Zikhwimitseni

Kutatsala masabata atatu kapena anayi kuti mubzale, yambani kuchotsa udzu wa pa shedi pang'onopang'ono mpaka mbande zikhale padzuwa tsiku lonse. Thirirani kamodzi pa tsiku, kenaka modumphitsa tsiku. Zikafota masana n'kudzuka madzulo, zili bwino. Mbande yoyenera kupita kumunda ndi yaifupi, masentimita 20 mpaka 30, ya tsinde lolimba lomwe layamba kusintha mtundu. Yaitali, yanthete, ya masamba aakulu obiriwira imakopa maso pogula, koma ndiyo yoyamba kupsa.

Gawo 7: Dzenje, ndi tsiku lobzala

Kumbani maenje mvula isanayambe. Pa dothi lofewa dzenje la masentimita 30 m'lifupi ndi 30 kuya limakwanira mitengo ya nkhuni, koma pamalo ouma ndi olimba, komanso pa mitengo ya zipatso, kumbani 60 mbali zonse. M'minda yolimidwa ndi khasu zaka zambiri mumakhala kadothi kolimba gwa pansi pa mizere. Kaswe ndi piki kapena chitsulo, apo ayi muzu ukafika pamenepo umapita cham'mbali. Dothi lapamwamba liikeni padera, mulisakanize ndi manyowa owolerana, ndipo likhale loyamba kubwerera m'dzenje.

Kenaka konzani kuti madzi a mvula asathawe. Pamalo otsetsereka unjikani dothi kumunsi kwa dzenje mozungulira theka, mbali yakumtunda ikhale yotsegula kuti madzi othamanga alowe n'kuima. Ku Burkina Faso ndi ku Niger, komwe mvula ndi yochepa kuposa kwathu, alimi abwezeretsa minda youma ndi maenje otere othiramo manyowa, otchedwa zai. Mlimi wina wa kudera la Yatenga ku Burkina Faso, Yacouba Sawadogo, anameretsa nkhalango pa nthaka imene anthu anaisiya, pogwiritsa ntchito njira imeneyi.

Koma pa makande, dothi lakuda lija la kuchigwa limene limang'ambika m'chilimwe n'kumata m'dzinja, chitani mosiyana. Dzenje lolowa pansi limasanduka chithaphwi ndipo mizu imawola. Pamenepo bzalani pa kamulu kokwera pang'ono, ngalande ya madzi ikhale chapatali. Madera omwewa ndi amene anamira ndi namondwe Freddy mu Malichi 2023, chaka chotsatira n'kupsa ndi ng'amba imene inachititsa boma kulengeza ngozi m'maboma 23. Mtengo wanu uyenera kukonzekera zonse ziwiri.

Musabzale pa chizimalupsa. Dikirani mvula yeniyeni, yogwa masiku angapo, kenaka kumbani ndi khasu muone ngati chinyontho chafika masentimita 30. Chikafika, musazengerezenso. Mmera m'poyamba, ndipo sabata iliyonse imene mwachedwa ndi sabata imene mwalanda muzu. Ndikudziwa kuti ino ndi nthawi yomwe aliyense ali kalikiliki ndi kubzala chimanga ndi kupalira, n'chifukwa chake mitengo imakankhidwira ku Febuluwale. Ngati manja ndi ochepa, chepetsani mitengo, osati kusintha tsiku. Mitengo 20 yobzalidwa mu Disembala n'kutchingidwa iposa 200 yobzalidwa mochedwa.

Thirirani mbande usiku woti mawa mubzala. Bzalani madzulo kapena kukakhala mitambo. Ng'ambani chubu ndi lumo cham'mbali, dothi lisamwazike, ndipo pepalalo musalikwirire. Mukapeza muzu wopindika pansi, dulani pamwamba pa popindikapo. Khosi la mbande lilingane ndi nthaka monga linalili m'chubu. Tsenderani ndi manja kenaka ndi phazi mozungulira. Nsangu m'munda atalikirane mamita 10 mbali zonse, zomwe zimapereka mitengo 100 pa hekitala kapena 40 pa ekala. Ikani chikhomo pa mtengo uliwonse kuti wopalira auone.

Ngati mulibe madzi a nazale, fesani m'munda momwemo. Nsangu, masau, mlambe ndi cham'mwamba zimalola. Konzani dzenje chimodzimodzi, mufese njere zitatu zokonzedwa molingana ndi mtundu wake mvula ikakhazikika, mudzasiye imodzi. Ubwino wake muzu susokonezedwa ndi chilichonse. Kuipa kwake mbewa, nkhululu ndi udzu zimapha zambiri, ndipo ng'amba ya mu Januwale ikabwera mmera uli wa sabata imodzi muyenera kunyamula madzi.

Gawo 8: Chilimwe choyamba

Mitengo yambiri sifa m'dzinja. Imafa pakati pa Ogasiti ndi Novembala, pamene aliyense waiwala.

Palirani mozungulira mtengo mita imodzi nthawi yonse ya dzinja, chifukwa udzu umamwa madzi mofulumira kuposa mbande. Mvula ikamatha, cha mu Malichi, phimbirani ndi udzu wouma kapena masamba, koma musiye mpata wa chikhato chimodzi kuzungulira tsinde kuti chiswe chisapeze njira. Kumene chiswe n'chambiri, yalani miyala yophwatalala m'malo mwa udzu. Imasunga chinyontho ndipo siidyedwa kapena kupsa. Phulusa lowaza mozungulira limathandizako, koma chiswe chimakonda mtengo wofooka kale ndi ludzu.

Mbuzi zikamasulidwa anthu akakolola, mbande yosatchingidwa siikhala masiku awiri. Tchingani mtengo uliwonse ndi nthambi za minga, za masau kapena mthethe, kapena zikhomo zolukidwa ndi bango, kapena njerwa zosanjikizidwa mosiya mipata. Mpanda ufike mita imodzi ndi theka ndipo ukhale wotakasuka, mbuzi imaimirira ndi miyendo iwiri n'kulowetsa mutu. Mpandawu umaperekanso kamthunzi ndi kutchinga mphepo yotentha, monga zimakhalira kutchire, komwe mbande zopulumuka zambiri zimapezeka m'kati mwa zitsamba za minga. Ngati mitengo ndi yambiri, nkhani ya ziweto ipite kwa a mfumu isanafike nthawi yokolola, mudzi ugwirizane. Chimodzimodzi moto. Lambulani udzu mozungulira malo onse pofika Meyi kapena Juni, osaka mbewa asanayambe kutentha tchire.

Pothirira, madzi ambiri kamodzi amaposa madzi pang'ono tsiku lililonse. Kapu imodzi patsiku imangonyowetsa pamwamba, mizu n'kukwera kutsata madziwo, kumene dzuwa likaiwotcha. Thirani malita 5 mpaka 10 kamodzi pa sabata, madzulo. Kuti afike pansi, bowolani timabowo tiwiri kapena titatu pansi pa botolo la pulasitiki la malita 2 kapena 5, mulikwirire pambali pa mtengo, pakamwa pokha pakuoneka, muzidzaza n'kutseka mosalimbitsa. Mphika wadothi wokwiriridwa umachitanso chimodzimodzi, madzi amatuluka okha pang'onopang'ono. Madzi otsukira mbale kapena osamba, opanda sopo wambiri, ndi abwino pa mitengo ya pakhomo. Ngati mjigo uli kutali, sankhani mitengo ya zipatso ndiyo muzithirira, nsangu ndi mthethe wobzalidwa pa nthawi yake nthawi zambiri amadzionera yekha.

Musafulumire kuzula mbande yooneka youma. Mlambe umayoyola masamba onse m'chilimwe, uli ndi madzi m'muzu wake wotupa. Mlombwa waung'ono umauma kumtunda chaka ndi chaka kwa zaka zingapo, n'kumaphukanso dzinja likafika, uku muzu ukukula pansi, mpaka tsiku lina umatulutsa tsinde lokhazikika. Nsangu nayenso amaoneka ngati waima zaka zoyambirira. Kandani khungwa ndi chikhadabo pafupi ndi nthaka. Mukaona kubiriwira ndi kunyowa, ndi wamoyo, musiyeni.

Gawo 9: Musaiwale zitsa zomwe zili kale m'munda

M'minda yambiri muli zitsa za chitimbe, mphakasa, masau, tsanya ndi mitengo ina, zimene zimaphuka chaka chilichonse ife n'kumazisadza posoza. Zitsa zimenezi zili ndi chimene mbande ya ku nazale ikufunafuna: mizu yofika kale pansi. Ku Niger, kuyambira m'chaka cha 1983 kudera la Maradi, katswiri wa zaulimi wa ku Australia, Tony Rinaudo, ndi alimi a kumeneko anayamba kulera mphukira zotere m'malo mozidula, ndipo njirayi inafalikira pa mahekitala pafupifupi 5 miliyoni.

Kachitidwe kake n'kosavuta. Pa chitsa chilichonse chimene mwasankha, siyani mphukira ziwiri kapena zitatu zowongoka ndi zamphamvu, zina zonse mudule ndi chikwanje chakuthwa, modulira cham'mwamba kuti khungwa lisasendeke. Sadzani nthambi za m'munsi mpaka theka la msinkhu wa mphukira. Mangirirani kansalu kofiira kuti ena adziwe kuti mtengowo uli ndi mwini. Bwererani pakatha miyezi itatu kapena inayi kudzachotsa zophuka zatsopano, zimene mupite nazo kunyumba ngati nkhuni kapena chakudya cha mbuzi.

Kumayambiriro kwa Novembala yendani malo onse, muwerenge mbande zamoyo ndi zakufa, ndipo pa yakufa iliyonse kumbani muone muzu. Mukaupeza wopindika, vuto linali ku nazale. Mukaupeza wodyedwa m'kati, ndi chiswe. Mukaupeza waufupi, wosafika masentimita 30, munachedwa kubzala kapena simunaswe dothi lolimba la pansi. Maenje amenewo akonzeni msanga, ndipo mbande zobwezeramo zikhale zoyamba kutuluka mu nazale mvula ikakhazikika mu Disembala.